Diresi la Nkhanga

Sindikumbuka kuti ndinayenda zaka zingati. Ndimakumbuka kuti chikwama chinali chimodzi, ndipo m'chikwamamo munali diresi limene silinathe kusokedwa.

Analisoka ndi achemwali anga, a Falesi Kadzuwa, telala wa pakhonde la golosale m'tauni ina ya fumbi. Makina awo ndi amene ananditumiza ku koleji, n'chifukwa chake ankanditchula kuti Wakukoleji, ngakhale pondituma makala. Pansi pa makinawo pankakhala chitini cha mabisiketi chodzaza ndi malebulo, tinsalu tija tolembedwa mayina timene timakhala m'kolala. Malebulowo anali odula ku zovala za kaunjika. Munthu akasoketsa suti kapena diresi, pomaliza ankamutsegulira chitinicho kuti asankhe yekha dziko, wina Itale, wina Joni. Mayi wina anakana diresi lake lomwe mpaka atalisokerera dzina la mzungu, kenako n'kuyamba kuuza anthu odutsa kuti za kunja zimadziwika ndi kasokedwe. Achemwali anaseka mpaka kugwetsa sizasi. Zaka zonsezo dzina lawo silinalowepo m'kolala ya munthu.

Chaka chilichonse, ukafika mwambo wopereka mphoto kwa akatswiri a mafilimu, tinkaweruka msanga n'kukhala pabenchi ndi foni yanga yong'aluka galasi. Mafilimuwo achemwali analibe nawo ntchito. Iwo ankadikira kapeti yofiira, pamene akatswiri amayenda pang'onopang'ono, kuima, kutembenuka, makamera ali ng'aning'ani. Ankaonera ngati mpira. Uyu zipi yamukana. Uyo wavala katani wa m'nyumba ya bwana. Koma uyu, Wakukoleji, taimitsa pomwepo, taona mmene nsalu yagwera m'chiunomu, amene wadula apa manja ake ndi odala. Pakapetipo pankaima mkazi wa maikolofoni amene ankafunsa aliyense kuti wavala za ndani, n'kupinda kolala kuti kamera idzionere yokha. Mayina onse ankakhala akutali. Achemwali ankaloza galasi ndi chala n'kunena kuti theka la malebulo amenewo ndi a m'chitini ngati chawochi, chifukwa msoko wa makina opalasa ndi phazi iwo amaudziwa ngakhale pa foni yosweka.

Chaka china anagula nsalu yakuda yolowera ku buluu n'kuyamba kusokererapo timikanda toyera, kamodzikamodzi, ngati mawanga a nkhanga. Palibe amene anawatuma. Anadziyeza okha, ine nditagwira tepi. Phewa lawo lamanja linali lotsika pang'ono chifukwa cha zaka zowerama pa makina, ndipo nsaluyo anaidula motsatira phewalo. Anati pa kapeti yofiira suvala zofiira, umavala zoti kapetiyo ichite manyazi. Nditafunsa kuti adzalivale ndani, anandiuza kuti ndizifunsa za kusukulu.

Mvula ya chaka chimenecho isanathe, ananditumizira mawu pa foni kuti pobwera ku holide ndiwagulire ulusi woyera, wawo watsala pang'ono. Ndinagula. Ndinawapeza atagona, ndipo anadwala masiku asanu okha.

Tsiku logawa zovala zawo, azakhali anayala zonse pamphasa n'kupatsa aliyense chake. Atafika pa diresilo anaona singano ili chibayire pa mpendero, ulusi ukulendewera, ndipo anati chovala chosatha sichigawidwa. Anandiponyera ine. Kuyambira tsiku limenelo sindinamvenso munthu akutchula dzina lawo. Onse ankati malemu. Malemu ankakonda tiyi wa mandimu. Makina a malemu apite kwa ndani. Ndinabwerera ku koleji, ndinakhala m'kalasi milungu iwiri ndikuyang'ana milomo ya aphunzitsi ikuyenda, kenako m'mawa wina ndinatuluka pageti ngati ndikukagula sopo.

Tauni yoyamba inali ya kaunjika. Ananditenga mayi wina wamtali, wa mawu ngati a bambo. Tsiku lotsegula belo la zovala tinkafika m'bandakucha. Waya akaduka, belo linkapuma ngati ng'ombe, fungo la mayiko ena n'kutuluka, azimayi n'kugwerapo ndi zigongono. Ine ntchito yanga inali ya pambuyo pake. Mayiyo anandiphunzitsa kuchotsa lebulo ndi lezala popanda kuvulaza kolala, msoko umodziumodzi, chala chili kumbuyo kwa nsalu. Loweruka atelala a m'makonde ankabwera kudzasankha. Dzanja langa linazolowera msanga, mwina chifukwa linali la m'banja. Ndinkapereka mayina a anthu osawadziwa kwa anthu amene mayina awo sankafunidwa.

Tsiku lina mayiyo anaona diresi m'chikwama changa. Analiyesa kuseri kwa mabulangete opachika, ndipo atatuluka msika wonse unatembenuka. Koma diresilo linapendekeka, mbali imodzi inakhala ngati ikumvetsera chinachake pansi. Anafunsa amene wasoka, ndinati achemwali anga. Anafunsa kuti ali kuti, ndinati ali kumudzi. Kanali koyamba kuyankha choncho, ndipo pakamwa panga panakonda. Mayiyo anati tiikemo lebulo ya ku Itale, tilipachike pamwamba, pofika masana likhala litapita. M'mawa mwake ndinakwera lole ya mbatata.

Tauni yachiwiri inali ya maukwati. Kumeneko ndinakhala ndi mkulu wina wosita zovala ndi simbi ya makala, munthu wosalankhulalankhula, wa nsidze zopsa. Anandiphunzitsa kuuzira phulusa kutali ndi zoyera, kumva kutentha kwa simbi poiyandikiza patsaya, ndiponso kuti nsalu ya mikanda imasitidwa mkati, poyala kansalu konyowa pamwamba. Loweruka tauni yonse inkapenga. Mahutala, nthungululu, operekeza akwati akuthamanga ndi nsapato m'manja, akutikuwira kuti tifulumire. Ndinkayang'ana mapewa a mkazi aliyense wolowa pakhomo pathu. Onse anali owongoka.

Mkwatibwi wina analiona diresilo nditaliyanika kuti lipitidwe mphepo, ndipo analifuna kuti akavinire pa perekaniperekani. Analiyesa, linapendekeka. Anafunsa amene wasoka, ndinati achemwali anga. Ali kuti? Ali kumudzi. Anati ndingolimasula paphewa n'kuliwongola, ntchito ya ola limodzi. Ndinati mwini wake angakwiye.

M'tauni momwemo ndi mmene foni yanga inagwera m'beseni la madzi otsukira. Mkulu uja anaiyanika padenga masiku atatu, koma sinadzukenso. M'menemo munali uthenga uja wa ulusi woyera, umene ndinkaumvera m'mawa uliwonse ndisanayatse makala. Patapita miyezi ndinapeza kuti zimene ananena ndikuzikumbuka zonse, koma kamvekedwe ka mawu awo kapita. Ulusiwo unali m'chikwama, wosamasula.

Panali matauni ena. Ina inali ndi msewu umodzi ndi mashopu atatu a mabokosi a maliro. Ina inkanunkha fodya wouma chaka chonse. Kwina ndinaphunzira kuika zipi, kwina kupesa mawigi pamutu wa chidole, kwina kusokerera soli ya nsapato zazitali. Kulikonse kunkapezeka mkazi woti aliyese, kulikonse diresi linkapendekeka, ndipo mafunso anali awiri omwe aja. Achemwali anga anapitiriza kukhala kumudzi, ali bwinobwino, otanganidwa kwambiri.

Potsiriza ndinafika mumzinda waukulu, n'kulembedwa ntchito kwa bwana wina wamfupi wa makiyi ambiri, wobwereketsa matenti, mipando ndi makapeti. Tsiku loyamba anandilowetsa m'nyumba yosungira katundu, ndipo pakona, pakati pa mipando yothyoka, ndinaiona kapeti yofiira ija itakulungidwa ngati chipika. Ndinaifunyulula pang'ono. Inali ndi dontho la kandulo, pena popsa ndi ndudu, ndipo inkanunkha fumbi. Anzanga anandiuza kuti ndi yomweyo imene imaoneka pa kanema chaka chilichonse. Lachisanu imayalidwa pa maliro a munthu wolemera, Loweruka pa ukwati, ndipo kamodzi pachaka imapita kukapondedwa ndi akatswiri. Ndinaseka ndekha mpaka misozi, ndikufuna woti ndimuuze.

Ntchito ya kapeti inali ndi malamulo ake. Imakokedwa ndi anthu anayi, imamatidwa m'mbali kuti chidendene cha munthu chisakole, imasesedwa ndi burashi kulowera mbali imodzi kuti iwale mofanana. Ndipo woyala kapeti saiponda ndi nsapato. Tinkavula kutali, n'kuyendapo ndi mapazi okha.

Tsiku la mphoto tinaiyala m'mawa kutsogolo kwa hotela ina yaikulu. Chakumasana bwana anandituma kukasiya galasi lalikulu m'chipinda china chimene akatswiri ankavaliramo. Ndinagogoda ndi phazi, n'kulowa chammbuyo.

M'chipindamo munali Anti Belita Sapuwa. Dziko lonse linkawadziwa, chifukwa m'filimu iliyonse ankakhala apongozi ankhanza, ndipo ku msika azimayi ankawatukwana zenizeni. Chaka chimenecho kanali koyamba kuti aitanidwe kudzapikisana nawo pa mphoto. Anali atakhala pabedi ndi chitenje chokha, maso ali psu. Pawindo panaima manijala wawo, bambo wa suti yothina ndi mafoni awiri, akukalipira munthu wina. Diresi limene anaitanitsa ku Joni linali m'basi imene inafera kutsidya kwa malire, ndipo kapeti inali kutsegulidwa pasanathe maola atatu. Anti Belita anati basi, iwo sapita, akaonera pa kanema ngati anthu ena onse. Anaimirira kuti atenge chikwama chawo, n'kundipatsa msana.

Phewa lawo lamanja linali lotsika.

Galasi lija sindikudziwa kuti ndinaliika bwanji pansi osaliswa. Ndinathamanga wopanda nsapato, kutsika masitepe, kudutsa alonda, mpaka kuseri kwa lole yathu kumene kunali chikwama changa. Pobwerera manijala anafuna kunditsekera chitseko, akufunsa kuti iwe wa makapeti ukufuna chiyani muno, koma ndinali nditalitulutsa kale. Timikanda tinagwira kuwala kwa pawindo, ndipo Anti Belita anati amusiye mwanayo.

Analowa nalo kubafa. Atatuluka, diresi linali chilili. Silinamvetserenso pansi. Linatsika paphewa ngati madzi, linagwira m'chiuno, n'kumasuka m'munsi, mawanga onse ali m'malo mwake. Zipi inakwera kamodzi kokha. Anti Belita anadziyang'ana pagalasi, kenako anandiuza kuti asanalowe m'mafilimu anagulitsa mandasi zaka makumi awiri, chidebe chili kudzanja limodzi, ndipo mpaka lero ojambula amawajambula chakumanzere kuti phewalo lisaoneke. Telala aliyense ankalibisa ndi thonje. Uyu yekha ndiye walisiya kuti likhale mmene lilili.

Ndinagwada kuti nditsirize mpendero. Singano inali pomwe anaisiya, itasiya kadontho ka dzimbiri pansalu. Ndinaisolola. Ndinkaganiza kuti china chake chichitika, koma inangotuluka ngati singano ina iliyonse. Mpenderowo ndinautsiriza ndi ulusi wakuda wa m'hotela, ulusi woyera wa achemwali ndinausiya m'singano yawo.

Ndili chigwadire, Anti Belita anafunsa amene wasoka. Ndinati achemwali anga.

"Alibe dzina achemwali akowo?"

Zaka zonse zija palibe amene anafunsapo zimenezo. Ndinalitchula, ndipo linatuluka mokakamira ngati chitseko chosatsegulidwa kalekale. Atafunsa kuti ali kuti, pakamwa panayankha pokha kuti ali kumudzi.

Anti Belita anavula diresi kuti awadzoze kumaso. Manijala anandikokera pakhonde la chipindacho, anavula jekete lake, anadula lebulo ndi kasizasi ka zikhadabo n'kundifumbatitsa. Anati ndisokerere imeneyo, chifukwa mkazi wa maikolofoni amapinda kolala ya aliyense, ndipo akamva za telala wa pakhonde, mawa dziko lonse likhala likuseka mayiwa pa mafoni. Anawonjeza kuti bwana wanga wa makiyi amadziwana naye bwino.

Ndinakhala pansi m'kanjira ka m'hotelamo, diresi lili pamiyendo. Lebulo ija ndinaiyang'ana. Inali yabwino, ya zilembo zagolide, yoti mayi wa kaunjika uja akanaisungira kasitomala wapamtima. Ndinaiika m'thumba. Ndinatenga singano ya achemwali n'kuyamba kulemba ndi ulusi mkati mwa kolala, choyera pa chakuda. Ulusi wawo unakwana dzina loyamba lokha. La bambo athu ndinalilemba ndi ulusi uja anandituma, umene ndinaumasula tsiku limenelo. Kenako ndinapempha simbi, ndinasita diresi mkati poyala kansalu konyowa, n'kukalipereka litapindidwa bwino.

Dzuwa litapendeka, zipata zinatsegulidwa. Ine ndinaima kuseri kwa chingwe ndi burashi yanga, pamodzi ndi anzanga a makapeti, ndipo zimene ndinkazionera pa galasi long'aluka zinayamba kudutsa pamaso panga, zazikulu, zonunkhira perefyumu. Galimoto zinkaima imodziimodzi. Anatsika mnyamata wa mafilimu achikondi atavala suti ya chitenje yopanda malaya mkati, atsikana n'kukuwa mpaka mlonda kugwira makutu. Anatsika mkazi wa diresi lagolide la mchira wautali, anthu awiri atanyamula mchirawo ngati akuyanika chinangwa. Wina anavala chipewa chachikulu ngati lichero, moti polowa pakhomo anachita kupendeketsa mutu. Wina nsapato zinamutalikira, ankayenda ngati akuwoloka mtsinje pa mtengo umodzi, koma akumwetulirabe. Panali wa nthenga, wa magalasi akuda, wa suti yoyera mbee imene aliyense ankaopa kuyandikira. Ndinadzipeza ndikulankhula ndekha. Uyu zipi yamukana. Uyo wavala katani. Koma uyu, taonani mmene yagwera m'chiunomu. Mnzanga anandigunda ndi chigongono kuti ndikhale chete, koma ndinkalephera. Mkazi wa maikolofoni ankapinda makolala, mayina akutali akuoneka pa kanema wamkulu amene anamuimika pambali, ndipo malebulo awiri ndinawazindikira kuti anachotsedwa ndi lezala.

Kenako anatsika Anti Belita. Anthu anayamba kukuwa kuti apongozi, apongozi, monga mwa masiku onse, koma atangoponda kapeti phokoso linaduka. Dzuwa linagwera pa timikanda tija, ndipo zinali ngati nkhanga zonse za m'tchire zadzuka nthawi imodzi. Kapeti inachitadi manyazi. Anayenda osabisa phewa, anaima, anatembenuka, ndipo ojambula anayamba kukankhana, ena mpaka kugwada, akuwajambula kumanja ndi kumanzere komwe. Phokoso litabwerera linali la mtundu wina.

Mkazi wa maikolofoni anawafunsa kuti avala za ndani. Manijala anali kumbuyo kwa makamera akuyendetsa milomo, kuwakumbutsa dzina la ku Itale. Anti Belita asanayankhe, mkaziyo anali atapinda kale kolala. Pa kanema wamkulu panaoneka zilembo zoyera, zokhotakhota, zosokedwa ndi dzanja. Mkaziyo anawerenga pang'onopang'ono.

"Falesi Kadzuwa. Ameneyu ndi wa dziko liti?"

Wina anaseka chakumbuyo, ena n'kutsatira. Mkazi wa diresi lagolide anaphimba pakamwa ndi kachikwama kake. Manijala anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti ntchito ya makapeti yatha. Zimenezo sizinandiopse. Chimene chinandiopsa chinali chakuti dzinalo latuluka koyamba pagulu, ndipo likusekedwa. Maso a Anti Belita anayenda m'chingwe monse mpaka anandipeza. Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira mkamwini m'filimu. Kenako analanda maikolofoni.

"Ndi wa dziko lino. Telala wa pakhonde, wa makina opalasa ndi phazi. Inu mukusekanu, bwerani kuno mmodzimmodzi tipinde makolala anuwo, tione bwino ngati ulusi wake suli wa mumsika."

Palibe amene anabwera. Anthu a kuseri kwa chingwe, ogulitsa mtedza, oyendetsa njinga, alonda, ndi amene anayamba kuwomba m'manja, nthungululu n'kutsatira, mpaka akatswiri ena anayamba kuwomba nawo, ena akugwira makolala awo. Mkazi wa maikolofoni anaona kumene mphepo yalowera. Anati munthu wa manja otere sayenera kubisala, dziko limuone. Ndipo mawu ake anatuluka m'masipika onse, mpaka kumsewu.

"A Falesi Kadzuwa, ngati muli pano, bwerani pa kapeti."

Anthu onse anatembenukira kuchipata. Inenso ndinatembenuka. Anaitana kachiwiri, ndipo ndinayang'anitsitsa pakati pa anthu, kufuna mkazi wa tepi m'khosi, wa phewa lotsika, akupukuta manja pa chitenje n'kudandaula kuti amusokoneza ntchito. Anaitana kachitatu. Ndinalola kuti dzinalo limveke mpaka lithere lokha m'mwamba.

Ndinasiya burashi pansi n'kudutsa kunsi kwa chingwe. Mlonda anafuna kundigwira, Anti Belita anamukwezera chala chimodzi, iye n'kubwerera. Kapeti inali yofunda ndi dzuwa ku mapazi anga. Nditafika, maikolofoni inabwera pakamwa panga, ndipo yankho lija la kumudzi linali litafika kale palilime. Ndinalimeza.

"Sabwera. Anamwalira asanatsirize mpendero. Ine ndine mlongo wawo."

Mkaziyo anatsitsa mawu n'kuyamba kunena kuti diresi limeneli ndi la malemu, koma ndinamugwira dzanja.

"Pepani, musatero. Tchulani mmene munatchulira poyamba paja."

Anatchula, mayina onse awiri, opanda china kutsogolo kwake. Anti Belita anakoloweka dzanja lawo m'dzanja langa n'kundinong'oneza kuti ndine mwana wabodza ndiponso wamwano, ndiwongole msana, makamera akutiona. Tinayenda limodzi mpaka pakhomo la hotela, iwo ndi nsapato zazitali, ine ndi mapazi afumbi, nkhanga zikuwala pakati pathu.

Ngati Anti Belita analandira mphoto tsiku limenelo, ena amati analandira, ena amati inapita kwa wa diresi lagolide. Ine sindinalowe mkati. M'mawa mwake ndinathandiza anzanga kukulunga kapeti, chifukwa inkafunika pa maliro ena Lachisanu, kenako bwana wa makiyi anandiuza kuti ndisabwerenso. Chikwama chinali chopepuka moti ndinkachigwiragwira kuona ngati chilipo. Munatsala singano ndi ulusi woyera.

Ndinakwera basi yopita ku tauni ija ya fumbi. Mayi amene ndinakhala naye pampando anandifunsa kumene ndikupita. Ndinamuuza kuti ndikupita kumanda a achemwali anga, a Falesi Kadzuwa, kukawafotokozera amene anavala katani chaka chino, ndiponso kuti zipi yawo inakwera kamodzi kokha.